Batire la kukhola la mahatchi

Ndikukumbukira tchuthi cha mwezi wa Julaye, ndili mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nditangomaliza Fomu 3. Amayi ananditumiza ku Chikangawa kwa asibweni, mlongo wawo, a Mhango, ati mwina kuzizira kwa kumeneko kukandiphwetsa. Kusukulu anali atatopa nane. Chule amene anapezeka m'kabati ya amatroni teremu imeneyo sanalowemo yekha.

Asibweni ankasamalira mahatchi anayi pamalo ena ogona alendo, mkati mwa nkhalango ya paini. Ntchitoyi anaiphunzira ku Joni. Nyengo yozizira hatchi imamera ubweya wambiri, ndiye ikanyamula mlendo n'kutuluka thukuta, ubweyawo suuma msanga ndipo hatchiyo imatha kudwala. Choncho ankawameta m'khosi, pachifuwa ndi kumimba.

Kukholako kunalibe magetsi. Makina ometera anali ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, opanira pa batire la galimoto, ndipo batirelo linkadzazidwa ndi kasola kamodzi ka padenga. Amene anakhalako ku Chikangawa akuchidziwa chifunga cha Julaye. Dzuwa limatha kubisala mpaka masana, batire n'kutenga masiku anayi kuti lidzadze. N'chifukwa chake lamulo ndinalimva ndisanatule ndi chikwama chomwe.

"Foni ayi, wailesi ayi. Batire ili n'la mahatchi, mbwenu."

Panali hatchi yaikazi yotuwa, dzina lake Phulusa, yamantha kwambiri. Asibweni anatha miyezi iwiri akuizoloweretsa phokoso la makina. Ankawayatsa chapatali, mawa lake pafupi pang'ono, kenako n'kumaigunditsa kuseri kwa dzanja lawo makina akulira. Eni malo ankafuna kuti Phulusa ayambe kunyamula alendo, ndipo Lolemba linali tsiku lomumeta koyamba. Sabata yonse batire linasungidwira tsikulo.

Ndiye panali mnyamata wina, Yamikani, mwana wa mkulu wina wa zankhalango wochokera ku Lilongwe. Ankabwera kukhola ati kudzaona mahatchi, koma ntchito yake inali kuseka Chichewa changa.

"Ukuti kwazizira chomene? Kodi kwanu kuno 'kwambiri' anatha?"

Tsitsi lake ankalinyadira koopsa, chipeso sichinkachoka m'thumba lakumbuyo. Lamlungu masana, asibweni ali kumsonkhano wa kutchalitchi, anayamba kudandaula kuti kutchire kuno kulibe wometa wodziwa ntchito. Ndinamuuza kuti m'khola muli makina a ku Joni, oposa onse a pa boma, komanso kuti ife atsikana timametana tokha kusukulu, dzanja langa n'lozolowera.

Ndinamukhazika pachidebe, n'kumufunditsa thumba la chakudya cha mahatchi. Ndinapanira mawaya, wofiira kwake, wakuda kwake. Makina a hatchi ndi otakata, salakwitsa. Ndinawayendetsa kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo, mzere umodzi woyera bwino ngati msewu wa malole a matabwa, kenako n'kuzimitsa.

"Pepa, achimwene a ku Lilongwe. Batire latha."

Anagwira pamutu, n'kugwiranso. Anavula shati n'kuikulunga kumutu, ulendo wa kwawo chothamanga, chipeso chitagwera m'ndowe. Ndinene zoona, mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka, ndipo pa ichi chokha sindinalape.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ana a anthu ocheka matabwa, amene ankaonerera akugubuduka ndi phwete, anandanda kuti nawonso ndiwamete. Kutamidwa kunandikoma. Ndinameta mitu isanu ndi iwiri mpaka dzuwa linapendekera kuseri kwa mitengo. Ndinapukuta makina, ndinasesa tsitsi, zonse n'kubwezera m'malo mwake.

Lolemba kunacha ndi chifunga chakuti denga la khola silinkaoneka. Asibweni anatulutsa batire, n'kundiyang'ana.

"Iwe Tiwonge, batire ili palibe walikhudza?"

"Palibe, asibweni."

"Yewo. Gwira chingwe cha Phulusa."

Makina anayamba bwinobwino, mtima wanga n'kukhala pansi. Anameta m'khosi akulankhula ndi Phulusa m'Chitumbuka, motsitsa mawu ngati akutonthoza mwana. Ubweya wotuwa unkagwera pa majombo awo. Atawerama kuti ayambe kumimba, ndinamva kulira kwa makina kukutsika, ngati lole yodzadza ikukwera chitunda. Asibweni khutu lawo limodzi silinkamva bwino, ndipo linali lomwelo limene linali kumbali ya makina. Ine ndinamva. Ndinatsegula pakamwa, ndinaganiza za mafunso amene angatsatire, n'kutsekanso.

Makina akafooka sadula ubweya, amazula. Phulusa ananjenjemera thupi lonse, chingwe chinandipsereza m'manja, mwendo wake wakumbuyo n'kuwapeza asibweni pabondo. Sanakuwe. Anangokhala pansi pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti ndichotse waya wofiira.

Anawatengera kuchipatala cha pa boma pa lole ya matabwa. Mawa lake eni malo anabwera kudzawaona, ine nditaima pambali pa bedi ndi fulasiki ya tiyi. Sanachedwe ndi malonje.

"A Mhango, zaka zonsezi simudziwa kusunga batire? Hatchi ija tsopano siyandikika. Zikapitirira chonchi ndifuna munthu wina."

"Ndalakwa ndine, bwana," anatero asibweni. "Mundipatse mwezi umodzi."

Bwanayo atatuluka, asibweni anandilankhula akuyang'ana kudenga.

"Pamene ankandikweza mulole muja, ana anabwera kudzaonerera. Ndinawerenga mitu seveni yometa kumene. Ku Chikangawa kulibe wometa wa Lamlungu."

Ndinayamba kulira, koma iwo anandiletsa ndi dzanja.

"Za mitu sindikudandaula, tsitsi limamera. Koma ndinakufunsa, mwana wa mlongo wanga. Ukanangoti ndakhudza, tikanadikira Lachinayi, mbwenu."

Sanandimenye, ndipo amayi sanawauze. Atatuluka m'chipatala ankakhala pachidebe chomwe chija, mwendo uli m'chikhakha, n'kumandilangiza mmene ndingamalizire kumeta Phulusa ndi sizasi. Zinanditengera masiku asanu, zala zonse matuza. Ntchito sanachotsedwe, Phulusa anadzanyamula alendo ndithu, koma makina sanawalolenso. Akangomva kulira kwake, ngakhale akumeta hatchi ina, ankamenya matabwa a khola. Chaka chilichonse asibweni ankamumeta ndi sizasi, masiku atatu, ataimira bondo lomwe lija.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza m'magulu, anthu n'kuseka mpaka misozi, koma ndinkailekezera pamene Yamikani akuthawa ndi shati kumutu. Za Lolemba ndinkazidumpha. Ndinadzasiya kutero tsiku limene ndinawaona asibweni akutsika minibasi pa boma, atakalamba, akutsogoza mwendo wabwino kenako n'kukoka winawo, kondakitala akuwafulumizitsa.

Batire lija linalibe kachipangizo kosonyeza mphamvu yotsala. Asibweni ankawerenga masiku a dzuwa, ndipo chimene sakanatha kuwerenga ankafunsa munthu amene anatsala pakhomo. Panthawiyo ndinkaona ngati akungofuna kundipeza chifukwa. Tsopano ndikudziwa kuti munthu amene ankati aike mutu wake pansi pa mimba ya hatchi analibe kwina koyezera, koma pakamwa panga. Ndipo ine ndinati palibe.