Dothi la m'Chitini

Aliyense wa ku komboni ya Chowa amene amaphika pa makala amawadziwa a Josiah Makwinja. Ndi aja okhoma mbaula pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi wakale wa Kabwe. Zaka makumi atatu za kugogoda malata zinawapha khutu la kumanzere, choncho ukafuna kunenerera mtengo uziima kumanja kwawo, apo ayi ungotaya malovu. Ndi munthu wouma mutu, wosakonda macheza, koma mbaula zawo sizibooka msanga.

Bambo awo, a Whiteson, anachoka ku Zomba mu 1957 kudzagwira ntchito mumgodi, tauniyi ikutchedwabe Broken Hill, ndipo sanabwererenso. Pakamwa pokha ndiye ankapita kwawo tsiku ndi tsiku: phiri lofunda mitambo, madzi ozizira owawitsa mano, mkuyu waukulu pomwe ankadyetsera mbuzi. A Josiah ali mnyamata nkhanizi zinkawanyansa. Ngati kwanuko n'kokoma chotero, bwanji osangonyamuka? Mumtima ankawayesa mtchona wabodza, wothawa abale.

Mu 1998, chifuwa chitawamaliza, mkuluyo anagwira dzanja la mwana wake nati, "Thupi ulisiye konkuno. Koma udzatape dothi pamanda anga, ukalisiye kwathu." A Josiah anavomera momwe munthu amavomerera wodwala, kenako anabwerera ku mbaula zawo. Panadutsa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Zinayamba mwezi wa Juni, masanasana. Atangoimitsa hamala kuti apume, anamva munthu akutsokomola kumbuyo kwawo, katatu, kachitatuko kokoka ngati kung'amba nsalu. Anacheuka, panalibe munthu. M'mawa mwake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Kutsokomolako ankakudziwa bwino, kunali kwa bambo awo, anakula nako. Chomwe chinawaopsa kwambiri n'chakuti ankakumvera ku khutu lakufa lija. Anayesa kugogoda osapuma, koma mkono wa munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi uli ndi malire.

Loweruka lina anapita kumanda, natapa dothi katatu ndi manja awo, n'kulithira m'chitini cha mkaka wa ufa. Mwana wawo wamkazi Doreen, amene amakhala nawo, anawapeza akukulunga chitinicho m'chitenje.

"Adadi, manje muzakwela basi na doti ya ku manda? Doti yamene ba ku kiliniki bakamba ati ili na poizoni ya ku mugodi, bana basamaseweleko?"

"Ndiye doti yamene batate banadya zaka zonse," anayankha a Josiah. "Bazayenda nayo."

Anadutsa Lusaka, Chipata, malire a Mchinji, Lilongwe, chitini chili pamiyendo. Kondakitala wina anafuna kuchiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a anyezi, ndipo mawu amene anamva tsiku limenelo sindingawalembe pano.

Atatsika ku Zomba, phiri lija analipeza lilipodi, mitambo litafunda monga ananenera malemu. Zimenezi zinawapweteka m'malo mowasangalatsa, chifukwa ankafunabe kuti bambo awo akhale abodza. Anayenda wapansi kudutsa nyumba zakale za boma, za makhonde aatali, natsatira njira imene anailoweza m'nkhani za bambo awo ali mwana. Koma njira ya mu 1957 sidikira munthu. Kumene ankayembekezera minda ndi mbuzi anapezako yunivesite: nyumba za njerwa zofiira, kapinga wometedwa, anyamata ndi atsikana akuthamangira m'makalasi, maso pafoni. Anafunsa atatu za mkuyu, onse anawayankha mwaulemu kuti sakuudziwa, wina akubisa kuseka Chinyanja chawo cha ku Kabwe. Atakhala pansi m'mbali mwa msewu, atatopa, kutsokomola kuja anakumvanso, pafupi kuposa kale.

Safunsa anadya phula. Anafunsanso mkulu wina amene ankadulira maluwa, namutchulira dzina la bambo awo, ndipo ameneyo anakanda m'mutu nati banja la a Makwinja linabwerera kumudzi kwa mayi wa banjalo, kuseri kwa phiri, nyumbazi zisanamangidwe n'komwe. Matola anawatula pamphambano, njinga yamoto inamaliza kotsalako, fumbi lofiira litawadzaza m'makwinya.

Kumudziko anawalandira a January, mwana wa mlongo wake wa a Whiteson. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu, maso ali pachitini. Kenako anatenga ndodo yawo nati, "Asuweni, tiyeni muone kaye."

Anawatengera kumanda, pansi pa mitengo ikuluikulu. Pamtumbira wina wophwa panali kachitsulo kadzimbiri, zilembo zikuwerengekabe: Whiteson Makwinja, 1965. A Josiah anawerenganso zilembozo. Chaka chimenecho bambo awo anali moyo, akuwabereka pamapewa m'misewu ya ku Chowa.

"Makalata atasiya kubwera, wina wochokera ku migodi anati amalume amwalira," anatero a January. "Mtembo panalibe, ndiye tinaika thunthu la nthochi monga mwa mwambo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinaona ndi maso angawa. Agogo analira mpaka mawu kutha. Patapita zaka zisanu, munthu wa m'mudzi muno anakumana nawo kwanuko ali bwinobwino, nawauza kuti kumudzi maliro anu tinalira kale. Akuti anangokhala pansi pamsewu pomwepo. Kenako amalumewo anati, musakawauze. Amayi anandilira kamodzi, asadzandilirenso, ndipo munthu woikidwa kale akatulukira pamudzi ndi mzukwa. Wa m'mudzi muno uja anasunga pakamwa mpaka agogo atatisiya. Ife titamva tinachita manyazi kulemba kalata. Ukamulembera chiyani munthu amene unamuika ali moyo?"

A Josiah anagwidwa ndi manyazi aakulu. Zaka zonsezo ankaweruza munthu amene ankalakalaka kwawo koma khomo litatsekedwa ndi manda ake omwe. Anafunsa ngati angakumbe pang'ono, koma a January anapukusa mutu, nati manda sakumbidwa kawiri, angothira pamwamba. A Josiah anagwada, navundukula chitini, nathira. Dothi lotuwa la ku Kabwe linakhala pa dothi lofiira la ku Zomba osasakanikirana. "Mwafika, bambo," anatero, ndipo analira kulira kumene anakukana mu 1998.

Patatha masiku anayi anali kale pansi pa mango uja ku Chowa. Anagogoda, naimitsa hamala, natchera khutu. Kunangomveka maminibasi akuitanira anthu opita kutauni. Anagogodanso, naimitsanso. Zii. Ankaganiza kuti akondwa, koma chomwe chinawagwira ndi umasiye, ngati kuti bambo awo amwalira sabata yomweyo. Mkulu uja anali atapitadi kwawo, ndipo mwana wake wobadwira pamgodi anamusiya yekha ku Kabwe.

Doreen atapeza chitini chija m'chikwama anafuna kuchitsuka kuti azisungiramo mchere.

"Chisiye," anatero a Josiah.

"Mulibe kanthu, adadi. Ni fumbi chabe yasala pansi."

"Naona. Chisiye."

Chitinicho mpaka lero chimakhala pambali pa misomali ndi lumo lodulira malata, chosatsuka, chovundikira bwino. Makasitomala amadandaula kuti masiku ano a Josiah amachedwa kumaliza mbaula, ndipo akunena zoona. Ukaima chapatali uwaona: amagogoda kangapo n'kuimitsa hamala m'mwamba, khutu lakufa lija atalozetsa ku chitini, kudikira.