Dzungu la aphunzitsi

Ana anga akuboola dzungu kukhitchini, ndipo fungo lake landibwezera ku Tyrrelstown, kudziko la azungu, chaka chimene tinafika kuchokera ku Zomba.

Itayandikira Halowini, tsiku limene ana amavala ngati mizukwa n'kumagogoda m'makomo kupempha masiwiti, aphunzitsi anatipatsa aliyense dzungu kuti tikaliboole maso ndi mano, n'kuikamo kandulo. Langa ndinalisiya patebulo. Mawa lake pochokera kusukulu ndinapeza amayi ataliphika.

"Amayi, linali loika pakhomo," ndinatero.

"Chakudya saseweretsa, mwana wanga. Ndipo za mizukwazo m'nyumba muno ayi."

Madzulo anazimitsa magetsi kuti ana asagogode, n'kukagona poti anali atatopa ndi ntchito. Ine ndinakhala pamasitepe, mbale ili pamiyendo. Kunja ana ankaseka, masiwiti akuphokosera m'ndowa zawo.

Kenako belu linalira. Anali mtsikana amene ndinkakhala naye desiki imodzi, yekhayo amene ankandiyankhula m'kalasi. Anandiitana dzina kudzera pakabowo ka makalata, n'kudikira pang'ono.

"Kulibe," anauza anzake.

Ndinali pafupi moti ndikanatha kukhudza chitseko. Dzungu linali litazizira m'kamwa, koma ndinkaopa kutafuna kuti angandimve.