Wotchi ya Pamwamba pa Chithunzi

Kanema ndinamuonera koyamba ku kalabu ya mabwana pa esiteti ya nzimbe ku Chikwawa, kumene amuna anga ankakonza mathirakitala. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe wailesi ya kanema, koma bwana wina anali ndi vidiyo ndi matepi ochokera kunja. Pa Khirisimasi anaitana akazi a antchito n'kutiikira sewero lakale loseketsa la banja lina la azungu. Chingerezi chake chinkangondidutsa, ndipo anthu osaoneka ankaseka m'bokosimo ngati awalipira. Ine maso anali pabalaza pawo. Panali makatani amaluwa, nyale yovala chipewa, khoma lachikasu, ndi wotchi yaikulu yotuluka mizere mbali zonse ngati dzuwa.

Ine ndikalakalaka chinthu sindimva za munthu. Ndinali ndi pakati pa mwana woyamba, koma ndinasakaniza laimu ndi dothi lachikasu n'kupaka khoma lonse ndekha. Makatani ndinasoka ndi chitenje cha ku Bangula. Chipewa cha nyale ndinaluka ndi mlaza, ngakhale chinkanunkha kupsa tikayatsa nyaleyo. Wotchi ndinaipeza kwa bambo wina wogulitsa katundu wolowera kumalire a dziko ku Marka. Ndinang'amba bango, n'kulipaka penti yotsala kuntchito kwa amuna anga, n'kulisokerera pa katoni kuseri kwa wotchiyo kuti likhale mizere ya dzuwa ija. Inatuluka bwino zedi, sindinama.

Pakati pa khomalo panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, monga m'nyumba zambiri za pa esiteti. Aliyense ankadziwa kuti palibe chinthu chokhala pamwamba pa chithunzi chimenecho. Ndinkadziwa nanenso, koma ndinkati zimenezo n'za m'maofesi ndi m'masitolo, osati m'nyumba imene ndimasesa ndekha. Wotchiyo ndi bango lake inali yotambalala, m'mbali sinkakwana. Ndinakhoma msomali pamwamba, n'kuipachika m'mawa amuna anga atapita kuntchito.

Masana kunabwera mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankatsogolera amayi a chipani m'dera lathu. Anagwira makatani, anayamikira nyale.

"Pyadidi, mama, pyadidi," anatero m'Chisena. "Mwasanduka mzungu ndithu."

Kenako anakweza maso. Anayang'ana wotchi, anayang'ana chithunzi, n'kusiya kuseka. Madzi amene ndinamupatsa sanamwe. Atatuluka ndinaganiza zoitsitsa wotchiyo, koma kuuma mutu kunandigwira. Ndinati ndidikire amuna anga aione kaye, ndikatero nditsitsa.

Anafika dzuwa lisanalowe, ali girizi yekhayekha. Ataona khomalo anangoima pakhomo.

"Amayi, mwatipha," ananong'ona. "Walowa muno ndani?"

Nditawauza, sanandikalipire. Anakoka mpando n'kukwerapo. Manja awo ali pa wotchi, panja panamveka odi, ndipo chitseko chinatseguka tisanayankhe. Anali anyamata a chipani a malaya ofiira, wamkulu wawo ali patsogolo, munthu woti tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi.

"Pitirizani, bambo," anatero wamkuluyo. "Tikuoneni mukumaliza kupachika."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma amuna anga anandiyang'ana diso limene sindinalionepo.

"Ndapachika ndine," anatero. "Mkaziyu sadziwa kanthu. Ndimafuna ndizionera nthawi ya ntchito."

Anawatenga opanda nsapato. Wotchi anainyamula mnyamata wina, bango likuthothoka m'njira monse. Anthu amene anali panja analowa m'nyumba zawo mmodzimmodzi, ndipo palibe anabwera kudzandifunsa kalikonse. Sindiwaimba mlandu kwenikweni, ngakhale mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Masiku amenewo kupepesa munthu ngati ine kunali kudziitanira tsoka.

Mantha amene ndinali nawo sindinawamvenso m'moyo wanga. Tinkamva za anthu otengedwa pa zifukwa zochepa kuposa imeneyi, osabwereranso, ndipo anthu ankanong'ona za ng'ona za mu Shire. Galimoto ikadutsa, ndinkasuzumira pawindo. Ndinatsitsa makatani, ndinatentha chipewa cha nyale, ndinapaka khoma laimu woyera mpaka manja kusupuka, ngati kuti khoma likayera andibwezera munthu wanga. Kwa kapitawo wawo kuntchito ndinapita kukagwada. Anandiuza kuti ndibwerere kunyumba ndipo ndisamutchule kwa aliyense.

Patapita masiku, m'mawa wina ndikusesa pabwalo, ndinawaona akubwera pang'onopang'ono m'mphepete mwa nzimbe. Anali ataonda, mbali imodzi ya nkhope itatupa. Ndinataya tsache n'kuwathamangira ndi mimba yangayo, ndikulira, ndikuwauza zonse zimene ndinasunga mumtima, kuti andikhululukire, kuti mwana akugunda bwinobwino. Iwo ankangoyang'ana kutsogolo. Kenako anandigwira mapewa n'kunditembenuzira mbali ina.

"Bwerani kuno kumanzere, amayi," anatero. "Uku sindikumva."

Zimene anawachita kumeneko sananene, ngakhale kwa abale awo. Kuntchito anabwerera, ana tinabereka, tinakalamba limodzi. Koma khutu lamanja silinatsegukenso, ndipo zaka zonsezo, patchalitchi, pamaliro, ngakhale pa mphasa ya kuchipatala tsiku lawo lomaliza, ndinkakhala kumanzere kwawo kuti andimve.