Chitambala cha Amayi a Kudimba

Mpingo wathu ku Malawi utatituma ku Zambia, anthu anatitsanzika ngati tikupita kumalekezero a dziko. Anatipempherera, ena mpaka misozi. Koma titatsika minibasi pa Chadiza tinapeza anthu olankhula Chichewa chomwechi, olima chimanga, mtedza ndi thonje, ndipo tchalitchi chawo chinali chakale kuposa agogo anga. Amuna anga anali m'busa, anali ndi guwa loimapo. Ine ndinali kamtsikana chabe, mlendo, wopatsidwa kutsogolera bungwe la amayi amene ambiri a iwo akanatha kundibereka. Ndinkafunitsitsa kuti azindiopa. Ndanena poyera chifukwa zonse zinachokera pamenepo.

Anatiika ku Mlolo, m'nyumba ya mpingo. Akazi a akulu ampingo ankandiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndikaphika ndiwo pamsonkhano, akuti mchere wachuluka. Ndikayambitsa nyimbo, wina amvekere, "Kwanu mumaimba mothamanga chonchi, amayi busa?" Ndinkaseka nawo, koma kumtima kukuwira.

Munthu mmodzi yekha ndiye anandilandira ndi manja awiri, mayi wina wamasiye amene ndinkangowatchula kuti amayi a kudimba. Anandidulira kachigawo m'dimba lawo, nandipatsa mbewu ya mpiru ndi tomato. Tsiku limene mimba ya mwana wanga woyamba inawawa, abusa ali kumidzi pa njinga, iwo ndiwo anathamanga kukapeza ngolo yondifikitsa pamsewu, ndipo kuchipatala anagona pansi pambali pa bedi langa masiku atatu. Mayi anga ondibereka anali kutali. Amene anamusambitsa mwanayo koyamba ndi amayi a kudimba.

Yunifomu ya bungwe lathu inali bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, limene kumeneko amati chitambala. Sumangogula n'kuvala ayi. Amakuveka pamaso pa mpingo wonse, ndipo tsiku lomwalira amakuveka yomweyo m'bokosi, anzako onse atavala zawo n'kukuperekeza ndi nyimbo mpaka kumanda. Amayi a kudimba ankaisamala yawo kuposa chilichonse. Ankandiuza kuti, "Ine ndilibe kanthu, mwana wanga. Chopita nacho changa ndi chimenechi."

Chaka chathu chachiwiri mlongo wawo anamwalira. Anali wa gule wamkulu, ndipo maliro ake anayenda mwa gule. Lamulo la mpingo linali lakuti mkhristu akhoza kukalira mbale wake wotere, koma asamete nawo tsitsi pa mwambo wotsiriza maliro. Lachinayi lina m'mawa, msonkhano wathu usanayambe, amayi a kudimba anandipeza kukhitchini. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatukula chitambala pang'ono.

"Onani, mwana wanga, ndameta," anatero. "Anali mlongo wanga mmodzi yekhayo, ndiye anandilera. Nkanakana bwanji abale onse akundiyang'ana? Tsitsi limera, si kale ayi. Ndati mumve kwa ine, musamve kwa ena."

"Musadandaule, amayi," ndinayankha choncho, ndipo nthawi imeneyo ndinkanena zoona.

Msonkhano uli mkati, mkazi wa mkulu wampingo wina, amene ankakonda kundinena za mchere uja, anatsokomola n'kuyamba kulankhula akuyang'ana kudenga. "Amayi busa akale aja anali ndi maso, anthuni. Masiku ano munthu akhoza kuchita zachikunja dzulo, lero n'kukhala pakati pathu atavala zoyera, woona palibe. Kapena kwawoko n'zololedwa, kaya." Amayi angapo anaseka chamumtima. Ine nkhope inatentha. Sindinapemphere, sindinaganize za abusa, sindinaganize za dimba. Ndinaimirira, ndinadutsa pakati pa mabenchi, ndinagwira chitambala cha amayi a kudimba n'kuchikoka.

Mutu unali mbee, wometedwa ndi lezala, uli ndi timabala tiwiri pamwamba pa khutu. Kenako wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Mayi wamkulu uja anaphimba mutu ndi manja onse awiri ngati mwana amene akuopa kumenyedwa. Sanandiyang'ane. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma. Kwa nthawi yoyamba chifikire m'dzikolo amayi onse ankandiyang'ana mwamantha.

Nkhani inapita kwa akulu ampingo, ndipo anawapatsa chilango cha miyezi isanu ndi umodzi: osadya mgonero, kukhala benchi ya kumbuyo, yunifomu kukasiya kwa amayi busa. Anabwera nayo okha, yochapa, yosita, ili m'pepala lapulasitiki. Anagwada pakhomo, munthu wa msinkhu wa mayi anga kundigwadira ine. "Muiike pabwino, amayi busa," anatero. "Nyumba iyi ili ndi chiswe." Sananditchulenso kuti mwana wanga.

Kudimba ndinasiya kupita, chifukwa cha manyazi, ngakhale ndinkauza anthu kuti ndatanganidwa ndi ntchito ya Mulungu. Iwo sanajombe Lamulungu ndi limodzi lomwe. Mvula kaya dzuwa, ankakhala okha pa benchi ija, atavala duku lamaluwa, akuimba motsitsa. Abusa analemba m'kalata yopita ku Malawi kuti bungwe la amayi layamba kusunga mwambo. Anandiwerengera kalatayo monyadira, ine n'kumwetulira.

Kutatsala masabata atatu kuti chilango chithe, amayi a kudimba anadwala chibayo, ndipo sanagone masiku ambiri. Abusa anali ku Chipata ku msonkhano. M'mawa mwake mwana wamkazi wa malemuwo anabwera pakhomo, maso ali psuu.

"Amayi busa, tabwera kudzapempha zovala za amama. Akutsirizika amangonena zomwezo."

Ndinaimbira foni abusa. Anati lamulo ndikulidziwa, munthu womwalira ali pa chilango saikidwa ndi mpingo, koma ndifunse akulu. Akulu nawo anati mlanduwu anauona ndi amayi busa, anene ndi iwowo, ife sititsutsa. Aliyense anandikankhira ine. Yunifomu inali m'sutikesi kuchipinda, kungolowa n'kutuluka. Koma kuipereka kunali kuvomera pamaso pa amayi onse aja kuti ndinalakwa, kuti kamtsikana ka ku Malawi kanangopsa mtima. Ndinatuluka chimanjamanja.

"Pepani, achemwali. Chilango sichinathe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Masabata atatu, amayi busa? Munthu amene anakugonerani pansi kuchipatala?" Anadzambatuka, nasasa chitenje. "Basi, musavutike. Abale anena kale kuti mpingo ukawataya, eni ake a gule alipo."

Tsiku loika maliro, amayi a bungwe anayamba kufika pakhomo panga mmodzimmodzi, onse atavala zoyera, popanda wowaitana. Anadzaza khonde mpaka pansi pa mango. Mkazi wa mkulu wampingo uja analipo, ndipo ndiye ankalira kuposa onse. Palibe amene anandipempha kanthu. Ankangodikira kuti ndinene mawu amodzi okha, tinyamuke. Ine ndinakhala pampando, Baibulo pamiyendo, ndikutsegula masamba osawerenga.

Dzuwa lili paliwombo, ng'oma zinayamba kulira kutsidya kwa dambo. Mayi amene anaimba m'tchalitchi chija kuyambira utsikana wake ankapita kumanda ndi gule. Amayi ena anaweramitsa mitu, wina anagwira pakamwa. Sindinathe kupirira kulira kwa ng'omazo, ndiye ndinayambitsa nyimbo ya maliro imene malemuwo ankaikonda, mokweza ndithu, kuti amayi alandire monga mwa masiku onse. Palibe analandira. Ndinaimba ndekha ndime yoyamba yonse, ndinayambanso yachiwiri, ndipo amayi aja anayamba kuimirira mmodzimmodzi, kuvula zitambala zawo, kuzipinda, n'kulowera njira ya kumanda mitu ili pamtunda.