Mapepala Okulungira Sopo

Anzake a ku koleji ankamutcha Kachetechete, chifukwa ukanatha kukhala naye benchi imodzi chaka chonse osadziwa kuti mawu ake ndi otani. Koleji anayamba mochedwa, ali ndi zaka makumi atatu, atatopa ndi kusesa m'sitolo ya mankhwala ya amalume ake. Ankaphunzira za ukhondo wa m'midzi ndi m'matauni. Mwana wake wamkazi anamusiya kwa amayi ake, atamulonjeza kuti pakatha zaka zinayi adzamutenga.

Chipinda anachipeza kuseri kwa nyumba ya mayi ena amasiye, pamdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi za ana asukulu. Munkangokwana bedi, tebulo ndi ndowa. Ukafuna kudziwongola unkayamba watsegula chitseko. Mayi a nyumbawo anali ndi kaokala pageti, kogulitsamo sopo wodula, mchere ndi makandulo. Mayiwo ankaitana aliyense kuti "mwana wanga", koma makiyi a zipinda zonse ankagona m'chiuno mwawo. Sukulu ikatsekera, ankaunjika katundu wa eni chipinda pakona n'kulowetsamo alendo a masiku ochepa. Onse ankadziwa, koma wodandaula ankauzidwa kuti geti ndi lotsegula.

Chaka chomaliza, Kachetechete anayenda miyezi itatu khomo ndi khomo, kufunsa amayi za madzi akumwa. Nsapato zinatha, agalu anamudziwa. Mayankho anadzaza mapepala mazana awiri, ndipo popanda mapepalawo panalibe zomaliza maphunziro. Anawasunga m'katoni pansi pa bedi, n'kupita kukaona mwana kwa sabata imodzi.

Tsiku lomwe anabwerera, asanalowe n'komwe m'chipinda, anagula sopo paokala paja. Pepala lokulungira linali ndi zolemba za dzanja lake.

"Mayi, pepala ili mwalitenga kuti?"

"M'katoni muja, mwana wanga. Ndimayesa zinyalala. Si olembalemba kale? Oyerawo sindinawakhudze."

Anayenda mudzi wonse wa m'mbali mwa koleji kupempha makasitomala a paokala kuti amubwezere mapepalawo. Ena anali atayatsira moto, ena anamuseka. Anatola mapepala makumi atatu, amafutamafuta, ena obooka. Aphunzitsi anamumvera chisoni, koma chisoni sichilemba malikisi: anamuuza kuti abwereze chaka. Pafoni mwana wake anangofunsa kuti, "Ndiye zinayi zija zikhala zisanu?" Funso limenelo linamuwawa kuposa zonse, ndipo ndi pomwe anayamba kudana nawo mayi aja ndi mtima wake wonse.

Anzake ankati asamuke. Iye ayi. Anakhala m'chipinda chomwecho, kupereka moni m'mawa uliwonse, nthawi zina kuwathandiza kunyamula katoni ya sopo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku koleji anasankha mutu watsopano wa kafukufuku: ukhondo wa nyumba zogona ana asukulu.

Ulendo uno sanathe nsapato. Anagula tepi yoyezera n'kuyamba pakhomo pomwepo. Anayeza kuchokera pachimbudzi kukafika pachitsime, n'kupeza mamita asanu ndi anayi okha. Madzi a pachitsimepo anawatengera kukayezetsa ku labu m'botolo. Anajambula mng'alu wa khoma, mawaya a magetsi olumikiza ndi pulasitiki, ndi bafa limodzi la anthu khumi ndi awiri. Mayi aja pomuona akugwada ndi tepi ankamunyadira kwa oyandikana nawo: "Mwana wanga uyu ndi wakhama." Tsiku lina anachita kumugwirira mbali ina ya tepiyo. Sanawanamizire kanthu ngakhale kamodzi, panalibe chifukwa.

Anakhoza bwino kwambiri moti aphunzitsi anatumiza lipotilo ku ofesi yoona za malo ogona ophunzira. Kunabwera abambo awiri ndi mafaelo, anasuzumira m'chitsime, anagwedeza mitu. Sabata yotsatira nyumbayo inachotsedwa pamndandanda wa nyumba zovomerezeka, ndipo onse okhala pamdadada paja anauzidwa kuti asamuke. Mlandu suola.

Iye anatuluka pomalizira. Katundu wake ali kale pa ngolo, anapeza mayi aja atakhala pakhonde la zipinda zopanda anthu, chitenje chitamasuka, makiyi ali pamiyendo. Mayiwo anali atamva kale dzina lolembedwa pachikuto cha lipoti lija.

"Mwana wanga, zaka zisanu takhala bwinobwino. Ndinakulakwira chiyani?"

Kachetechete anawayang'ana m'maso kufuna kuona ngati akuchita dala. Sankachita dala. Chaka chonse iye ankadzuka ndi katoni ija pamtima, pomwe mayiwa anali ataiwala tsiku lomwelo. Mkwiyo womwe ankayesa kuti watha unabwereranso wonse. Akanawauza, akanangoti "pepa, mwana wanga", nkhani n'kuthera pomwepo, iwo n'kumagona tulo.

"Muganizire, mayi. Nthawi muli nayo tsopano."

Anaika kiyi wake pamwamba pa enawo, n'kuuza wangolo kuti afulumire, basi yopita kwa mwana wake isamusiye.