Mbale ya Ahedi

Mayi Tomie Kuwabara anaphikira ana a pulayimale ya m'tauni mwathu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo zaka zonsezo ankapembedza chinthu chimodzi basi: ndowa zobwerera kukhitchini zili mbee. Kalasi ikamaliza chakudya chamasana, ankaimatira nyenyezi ya pepala pachitseko. Ikasiya makombo, ankakwera masitepe ali wefuwefu kukalalikira za thukuta la alimi a mpunga. Malemu amuna awo ankati anakwatira sikelo.

Ndiye kunabwera Chinatsu, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, koonda ngati timitengo todyera. Ankadya mpunga woyera wokha. Nsomba kaya karoti zikangokhudza lilime, pakhosi pankatseka. Lamulo la sukulu linali lakuti sudzuka usanamalize, choncho anzake akamakankha madesiki n'kumasesa, iye ankatsala pakati pa fumbi atayang'anizana ndi mbale. Mayi ake anabweretsa kalata ya dokotala yonena kuti ndi matenda. Ahedi, Bambo Hirose, anaiwerenga n'kuseka.

"Kusasatitsa uku. Njala ikamugwira adya."

Mayi Kuwabara anagwirizana nazo, mpaka anapita okha ndi supuni.

"Yasamula iwe! Nsomba iyi inafera iweyo."

Mwanayo, poti anali womvera, anayasamula n'kumeza, misozi ili chuchuchu. Kenako zonse zinabwerera pa epuloni yawo yoyera. Chinawapweteka si epuloniyo ayi, koma kuti mwanayo anagwada n'kuyamba kupukuta pansi ndi manja, akupepesa. Mawa lake sanabwere kusukulu, mkuja wakenso ayi. Mayi Kuwabara anagwidwa manyazi osaneneka.

Komatu wophika amadziwa zambiri. Ahedi ndi amene amayamba kulawa chakudya ana asanadye, ndipo tsiku lililonse la natto, soya wowola wonanda uja, mbale ya Bambo Hirose inkabwerera ndi kampukutu ka natto yosadyedwa kobisika pansi pa katoni ya mkaka. Mayi Kuwabara anawasungira chinsinsichi zaka khumi.

Lachisanu analowa pamsonkhano wa aphunzitsi osagogoda, mbale ya natto ya Ahedi ili m'manja.

"Ahedi, mwaiwala izi."

"Mayi Kuwabara, tili pamsonkhano."

"Msonkhano suthawa. Alimi a soya anakhetsa thukuta. Simudzuka musanamalize."

Aphunzitsi anazolika, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Bambo Hirose, pofuna kuonetsa umuna, anatapa kamodzi. Ulusi wonanda unalendewera mpaka pa tayi, maso anatong'oka, dzanja linathamangira pakamwa.

"Sizikutsika, mayi. Chonde."

"Kusasatitsa uku," anatero Mayi Kuwabara. "Inu, bambo wa imvi, mwalephera mphindi ziwiri. Mwana uja wakhala pamenepo kuyambira Epulo. Ndipo womaliza kum'kakamiza ndine."

Lamulo lija linafa tsiku lomwelo. Atapuma ntchito, Mayi Kuwabara anayamba kuzungulira sukulu za m'chigawo chathu panjinga, kutukwana mahedi mwaulemu ndi kuuza makolo kuti mwana wotere amafunika dokotala, osati ulaliki. Mahedi ambiri akamva belu la njinga yawo amadzitsekera muofesi.

Chinatsu anabwerera patatha masabata atatu, n'kumadya mpunga wake mwamtendere. Koma mpaka anamaliza pulayimale, akakumana ndi Mayi Kuwabara m'khonde ankawerama mwaulemu, dzanja litatseka pakamwa.