Achipande ndi Thumba la Zilembo Zitatu

Pasukulu ya mkaka ya kuseri kwa depoti ya basi, mwana watsopano ankayamba kudziwa khitchini asanadziwe kalasi yake. Akamalira kuti amayi ake amusiya, aphunzitsi ankangomunyamula n'kukamukhazika pakhomo la khitchini, ndipo Achipande ankamupatsa supuni kuti awagwirire. "Gwira bwino, lero abwana anga ndiwe," ankatero. Kulira kunkathera pomwepo.

Achipande anali mayi wamfupi wa mapewa otambalala, mikono yawo yodzaza ndi timabala takale ta mafuta otentha. Ntchito ya m'khitchini anaiyamba ali mtsikana, kutsuka mbale palesitilanti ina ya mumsika. Kenako anakaphika kukantini ya fakitale ya nsapato, ndipo kumeneko n'komwe anakumana ndi amuna awo, dalaivala wa basi ya antchito, yemwe ankabwera kudzapempha tiyi ngakhale atamwa kale kwawo. Fakitale inatsekedwa, ana awo anakula n'kuchoka pakhomo, maondo anayamba kudandaula, ndipo khitchini yaing'ono ya pasukulupo inakhala ya saizi yawo. Munali mbaula ya gasi, mapoto awiri akuluakulu, sinki, shelefu ya makapu apulasitiki amitundumitundu, ndi zenera loyang'ana pabwalo la katungwe. Chomwe ankadzitama nacho chinali chimodzi: chiyambire kuphika, panalibe munthu amene anagwirapo pamimba chifukwa cha poto wawo.

Chaka china ahedi anasintha kogula ufa wa phala la ana. Unabwera ufa wina wosakaniza chimanga ndi soya, wa m'matumba oyera. Achipande anaununkhiza, anaufikisa pazala, anaphika kapoto kakang'ono n'kulawa okha monga mwa masiku onse. Unali wosalala, wosachita mibulu, ndipo ana ankanyambita makapu. Thumba limodzi litatha analikung'untha n'kupita nalo kunyumba kuti azisungiramo nsapato zakale.

Amuna awo anali atapuma pantchito, ndipo chisiyire chiwongolero, manja awo anakakamira foni. Nkhani iliyonse ya padziko inkawapeza ali pakhonde. Ataona thumbalo anavala magalasi, n'kuloza zilembo zitatu zomwe zinali mmunsi mwake.

"Mayi, mukudziwa chomwe mukuwadyetsa ana a eni?"

"Phala."

"Phala lanji? Werengani apa. G, M, O. Izi ndi mbewu zochita kuzisintha chibadwa mulabotale. Amatenga za chamoyo china n'kulowetsa m'chimanga kuti mbozi zisamadye. Ndiye ngati mbozi ikukana, mwana wa munthu adye?"

"Inu bambo, mbozi imakananso tsabola, koma inu mumathira mpaka kutuluka misozi."

Anaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina m'mawa kamtsikana kena kanasanza pamzere wopita kukalasi. Dzuwa lisanapendeke enanso anayamba kutsegula m'mimba, ndipo mawa lake makapu ambiri anatsalira pashelefu chifukwa eni ake sanabwere. Aphunzitsi ankangothamanga ndi mopu. Achipande anatsuka mapoto kawiri, n'kuwiritsanso masupuni.

Pakati pa makolo panali mayi wina telala, wosoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ya kutsidya kwa msewu, mayi wa ana amapasa. Mmodzi mwa mapasawo anamugoneka kuchipatala. Telalayo anafika pasukulu tepi ikadali m'khosi, analowa m'khitchini osaodira, anatembenuza thumba la ufa, anaona zilembo zitatu zija, n'kulijambula ndi foni. Pomwe Achipande ankafika kunyumba madzulo, chithunzicho chinali chitazungulira pagulu la makolo la pafoni, ndipo nkhani inali m'kamwam'kamwa. Pamalo okwerera basi amayi awiri omwe ankawapatsa moni tsiku lililonse anayang'ana kumbali. Ahedi anatseka sukulu.

Kunyumba amuna awo sananene kuti ndinakuuzani. Zikanakhala bwino akananena. M'malo mwake anatsegula kabati n'kuyamba kuwerenga botolo lililonse ndi paketi iliyonse, chokayikitsa n'kuchiika pambali. Mafuta ophikira anapita, majarini anapita, mabisiketi a zidzukulu anapita. Analengeza kuti iwo azidya mbatata ndi mazira basi mpaka zinthu zidziwike. Achipande ankangowayang'ana ali khuma pampando, manja ali pamiyendo. Manja amenewo ankawaona ngati a munthu wina.

Anapita kuchipatala kukaona mwana uja. Anamupeza ali padiripi, timilomo tili gwa, maso atalowa m'kati. Mwanayo atawaona anayesa kumwetulira. Achipande anakonzeka kutukwanidwa, koma telala uja anangosuntha kuti akhale naye pabenchi.

"Amayi, ine sindikudana nanu," anatero telalayo motsitsa. "Ana angawa mwawalera ndinu. Koma bwanji osatiuza kuti ufa wasintha? Ine kasitomala akandibweretsera nsalu ndikasintha ulusi ndimamuuza. Nanga chakudya cholowa m'mimba mwa mwana wanga?"

Achipande anatsanzika n'kutuluka. Akanalalatiridwa zikanawapepukira. Pobwerera anaphonya potsikira basi, n'kuyenda wapansi ulendo wautali wobwerera m'mbuyo, akudzifunsa ngati ukalamba wawo udzakhale wa mayi amene anadwalitsa ana a eni.

A zaumoyo anabwera pasukulu. Anali mayi wamtali wosalankhulalankhula, wovala magolovesi. Anatapa ufa pang'ono m'thumba lililonse, anatunga madzi a pasinki m'timabotolo, anapukuta zitseko ndi matebulo ndi timitengo ta thonje. Anafunsa Achipande mmene amaphikira, mmene amatsukira, ndi komwe ana amasamba m'manja. Achipande anawaonetsa mpopi wa panja, womwe unali utauma kwa nthawi ndithu, ndi beseni lomwe ana onse ankaviikamo manja asanadye. Mayiyo analiyang'ana beseni lija nthawi yaitali. Anati zotsatira zikatuluka adzaitanitsa makolo.

Kudikira kunawawa kuposa matendawo. Achipande, amene sankadziwa kukhala pansi, ankasesa pabwalo losesa kale. Chakudya sichinkatsika. Ndiye ali m'kati modikira muja, amuna awo nawonso anagwidwa. Bambo wa mbatata ndi mazira uja anayamba kuthamangira kuchimbudzi atagwira lamba m'manja, foni itaiwalika pakhonde.

"Mayi, ndikufa ine," ankabuula ali pabedi.

"Simukufa. Imwani madziwa."

"Koma ufa uja sindinaulaweko n'komwe!"

"Ndiye mwadya chiyani?"

"Palibe! Ndinangomunyamula mdzukulu wathu dzana pomwe amasanza."

Mdzukulu ameneyo ankaphunzira sukulu ina, kutali, komwe ana amapita ndi chakudya chochokera kwawo. Achipande anaima ndi kapu m'manja, koma sanafune kudzipatsa chiyembekezo. Anaopa kuti mwina ndi iwo omwe atengera matendawo kunyumba pazovala.

Tsiku la msonkhano makolo anadzaza m'kalasi ya ana aang'ono, akuluakulu athunthu atakhala patimipando tofika m'akakolo, maondo ali m'zibwano. Achipande anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Wazaumoyo uja anaimirira kutsogolo kwa bolodi lomwe linali likadali ndi zithunzi za nkhuku ndi mpira.

"Ufa tauyeza, mulibe chodwalitsa," anatero. "Madzi a m'khitchini ali bwino. Ana anu anagwidwa ndi kachirombo ka m'mimba koyenda kudzera m'manja. Kafika m'sukulu zinanso za mbali ino, ngakhale zomwe siziphika n'komwe. Pano kanafala msanga chifukwa ana onse ankasamba m'beseni limodzi."

Achipande anachoka pachitseko paja. Anakhala pakampando kena komwe kanali pafupi, kampandoko n'kulira kuti kwee, ana a makolo ena n'kuseka. Iwonso anafuna kuseka koma chomwe chinatuluka ndi misozi. Anaphimba nkhope ndi mpango, akupuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni atayenda nawo mtunda wautali. Ahedi anaimirira n'kuvomera kuti nkhani ya mpopi anaizengereza, ndipo anapepesa.

Koma msonkhano sunathere pomwepo. Telala uja anakweza dzanja.

"Tamva, si ufa. Tikuthokoza. Koma funso langa likadalipo. Zakudya zosinthidwa chibadwazi, mwana akamadya mpaka kukula, sizidzamuchita kanthu?"

Bambo wina wogulitsa mbewu ndi feteleza mumsika anadzuka movutikira pakampando kake. "Mayi, ine ndimaona alimi akulira ndi mbozi chaka ndi chaka. Amapopera mankhwala mpaka kutsokomola. Mbewu yosafuna kupopera kwambiri mukuiopa, koma yonyowa ndi mankhwala mukudya osafunsa?"

"Inu mukunena choncho chifukwa mumagulitsa!" wina anakuwa kumbuyo.

"Nanga mlimi azigula mbewu chaka chilichonse kwa anthu omwewo?" anafunsa wina. "Mawa akakweza mtengo tidzalowera kuti?"

Phokoso linakula mpaka ahedi anamenya tebulo ndi dasitala. Onse anayang'ana wazaumoyo uja.

"Ine ndikuuzani zomwe ndikudziwa, zomwe sindikudziwa ndisiya," anatero mayiyo. "Akatswiri ambiri omwe amayeza zakudya zoterezi amati zomwe zaloledwa kugulitsidwa sizoopsa kuposa zinazo. Alipo ena omwe amati kuyeza kupitirire ndipo malamulo akhwime. Nkhani ya mwini mbewu ndi mitengo yake, imeneyo timabotolo tanga sitingaiyankhe. Koma zilembo zili pathumbazo anaziikapo kuti wogula adziwe n'kusankha. Inu simunapatsidwe mpata wosankha, ndipo pamenepo mayiwa akunena zoona."

Anakambirana mpaka njala inayamba kuwalankhula. Pomaliza anagwirizana kuti mpopi ukonzedwe sukulu isanatsegulidwe, kuti ahedi asamasinthe chakudya cha ana osauza makolo, komanso kuti kholo losafuna ufa watsopanowo linene, mwana wake azimuphikira wakale. Kenako wina anakumbuka kuti wophikayo sanamufunse.

"Achipande, mapoto awiri a phala mukwanitsa?"

Achipande anapukuta m'maso n'kuimirira. "Ine ndaphikirapo fakitale yonse, wina wosadya mchere, wina wosadya nyama, wina wosadya chilichonse chophika mkazi wa dalaivala. Mapoto awiri si nkhani. Mungondigulira chipande china, kuti pasadzakhale wonena kuti ndasakaniza."

Anthu anaseka, ndipo telala uja anaseka nawo.

Kunyumba anapeza amuna awo atachira, akubweza mabotolo m'kabati mwakachetechete. Anabweza onse kupatula mafuta ophikira, omwe anati akufuna ayambe awafufuza bwino pafoni. Achipande sanatsutse. Anadya mbale yodzaza, anawonjezera, ndipo atangotsamira pampando anagona tulo tomwe anali atatisowa chiyambire nkhaniyi.

Sukulu itatsegulidwa, ana ankaima pamzere pampopi wokonzedwa uja, aliyense ndi sopo m'manja, akuimba kanyimbo kosambira komwe aphunzitsi anapeka. M'khitchini munkabwata mapoto awiri. Ana a ufa wakale ankalandira m'makapu ofiira, a ufa watsopano m'makapu obiriwira. Achipande eni ake, wina akawafunsa kuti wabwino ndi uti, ankati sakudziwa, ndipo sankachita manyazi kutero. Ankalawa onse awiri.

Sipanapite nthawi, anaona pazenera mapasa aja, omwe anali a ufa wakale, atakhala pansi pa katungwe ndi anzawo, akusinthana makapu. Wina ankafuna wofiira chifukwa ndi mtundu wa galimoto ya ozimitsa moto, wina ankafuna wobiriwira chifukwa mnzake ali nawo. Achipande anawaletsa, koma madzulo telala atabwera kudzatenga ana anamuitanira pakhomo la khitchini n'kumuuza zonse, osabisa.

Telalayo anagwira m'chiuno, anayang'ana mapasa ake omwe ankalimbirana chikwama, n'kuusa moyo. "Ana awa adzandipha ine. Chabwino, bola mwandiuza. Ndikalankhula nawo, ngakhale ndikudziwa kuti ndikukataya malovu." Kenako anawayang'ana Achipande kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu. "Koma amayi, epuloni imeneyi ndi ya chaka chiti? Ikuchititsa manyazi ife osoka."

"Ikadali yolimba iyi."

"Yolimba kuti, thumba lake likulendewera chonchi? Tatambasulani manja."

Anachotsa tepi m'khosi. Achipande anaika chipande pasinki n'kutambasula manja, akudandaula kuti m'chiuno asawapanikize chifukwa masiku ano akudya bwino.